Nsomba ya ku Nile isalowe mu Bua

Alimi a nsomba kuno ku Mchinji ali ndi dandaulo limodzi, ndipo ukakhala nawo pansi sachedwa kulitulutsa. Makumba sakukula. Munthu wakumba damu ndi khasu, wathira manyowa, wakhala akuwaza madeya m'mawa ndi madzulo kwa miyezi yambirimbiri, koma tsiku lokolola zotuluka mu ukonde n'zongokwana pachikhatho. Pamene abale athu a kutsidya kwa malire, amene timalankhula nawo chinenero chimodzi ndiponso timakumana nawo ku Mkaika pa Kulamba, akuweta tilapiya ya ku Nile, imodzi yokha kudzaza mbale. Ndiye funso limabwera ndi mkwiyo: boma likutikaniziranji nsomba imeneyi? Kodi ku Zambia kulibe anthu ophunzira?

Dandauloli n'lomveka, ndipo wolinyoza sanagwirepo khasu m'dambo. Komabe ine ndili kumbali ya lamulo loletsa nsombayi, ndipo ndikuona kuti mwa maboma onse a m'Malawi muno, Mchinji ndi amene ayenera kuligwiritsitsa kwambiri.

Tichotse kaye maganizo akuti chilichonse chochokera kunja n'choipa. Zikanakhala choncho bwenzi kuno tikudya chiyani? Chimanga kwawo ndi ku Mexico. Mtedza umene umatchukitsa boma lino, chinangwa, mbatata, tomato ndi fodya zonse zinaoloka nyanja kuchokera ku America. Soya ndi wa ku China, mango ndi a ku India. Akuluakulu sananame pamene anati mlendo ndiye amayenda ndi kalumo kakuthwa. Koma taonani chimene mbewu zimenezi zikufanana. Siyani munda wa chimanga zaka ziwiri osaulima, simudzapezamo phesi ngakhale limodzi, mudzapeza tsekera ndi chisoso. Chimanga sichingakhale popanda mlimi. Chamoyo chachilendo chimasanduka choopsa pamene sichikutifunanso: chikuswana chokha, chikuyenda chokha, ndipo kumene chafika eni malo akuchepa. Lipoti limene bungwe la akatswiri a zachilengedwe a maiko osiyanasiyana la IPBES linatulutsa mu 2023 linawerenga zamoyo zoposa 37,000 zimene anthu anazisamutsa n'kukhazikika kumalo achilendo. Mwa zimenezi, zoposa 3,500 ndi zimene zatsimikizika kuti zikuwononga. Ndiye kuti zambiri zimakhala mwaulemu. Vuto ndi zochepazo, chifukwa lipoti lomwelo likuti zinatengapo mbali pa 60 mwa 100 ya mitundu ya nyama ndi zomera imene yadziwika kuti inatheratu padziko lapansi.

Chimene chimapatsa zamoyo zoterezi mphamvu nthawi zambiri n'chakuti zimabwera zokha, adani awo atatsala kwawo. Anthu a ku Nkhata Bay akukumbukira kodikodi, tizilombo toyera ngati ufa timene tinatha chinangwa m'zaka za m'ma 1980 mpaka mabanja kugona ndi njala. Ku South America, kumene tinachokera, alimi sankatidziwa n'komwe, chifukwa kumeneko kuli timavu ting'onoting'ono timene timaikira mazira m'thupi mwake. Akatswiri, pantchito yotsogozedwa ndi Hans Herren wa bungwe lofufuza za ulimi la IITA, anachita kukatisaka mpaka ku Paraguay, n'kubweretsa timavuto kuno ku Africa, ndipo chinangwa chinapulumuka. Mbozi zimene zimaboola mtima wa chimanga nkhani yake ndi yomweyo. Zinaoneka koyamba kumadzulo kwa Africa mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika anali atalengeza kuti maboma 20 ali pangozi. Za namasupuni mu Shire ndi magetsi a ku Nkula sindichita kukuuzani.

Koma zonsezi zili ndi kopopera, kozula kapena kokolola ndi makina, ngakhale movutikira. Nsomba ikalowa m'nyanja ndiye yalowa. Palibe mankhwala, palibe ukonde, palibe nduna imene ingaitulutsemo.

Tilapiya ya ku Nile ili ndi zonse zimene mlimi amafuna, ndipo zomwezo ndi zimene zimaipangitsa kukhala yoopsa. Imadya chilichonse: ndere, tizilombo ta m'madzi, zinyalala za pansi. Imapirira madzi akuda ndi madzi a mpweya wochepa. Imayamba kuswa ikadali yaing'ono, ndipo yaikazi imasunga mazira ndi ana m'kamwa mpaka atalimba, kotero ana ambiri amapulumuka. Yaimuna imakumba chisa pamchenga n'kumathamangitsa aliyense woyandikira. Tsono chambo chathu ndi makumba athu amaswanso chimodzimodzi, pamchenga wa m'madzi osaya, ndipo chakudya chawo n'chomwecho. Ndi nsomba za fuko limodzi lotchedwa Oreochromis. Apa ndiye pali ngozi yaikulu imene anthu ambiri saiganizira. Nsomba ya ku Nile siifunika kudya chambo kuti chambo chithe. Imangokwatirana ndi abale ake a fukoli, ana n'kubadwa osakanizika, ndipo pakapita mibadwo ingapo mtundu weniweni wa eni malo umasungunuka. M'madzi nsomba zimakhalamo ndithu, asodzi n'kumakoka, koma imene inalipo kale yapita osasiya mtembo.

Zimenezi si maloto. Zachitika kawiri konse m'nyanja za anansi athu.

M'zaka za m'ma 1950 atsamunda anaponya nsomba ziwiri za ku Nile m'nyanja ya Victoria. Ina ndi chinsomba cholusa chimene ku Tanzania amati sangara, chokhoza kulemera kuposa munthu wamkulu. Inzake ndi tilapiya yomwe tikukambayi. Cholinga chinali chabwino ndithu: asodzi azipha nsomba zikuluzikulu zogulitsika. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri palibe chimene chinkaoneka, ndipo amene ankachenjeza ankaoneka ngati amantha. Kenaka m'zaka za m'ma 1980 sangara anachulukana mwadzidzidzi. Nyanjayi inali ndi mitundu pafupifupi 500 ya tinsomba tofanana ndi mbuna ndi utaka wathu, ndipo pafupifupi 200 inasowa. Tilapiya ya eni nyanjayo, imene Aluo amati ngege, inakankhidwa ndi ya ku Nile mpaka lero imapezeka makamaka m'tinyanja ting'onoting'ono ta m'mbali. Ndalama zinabweradi, tisabise. Ku Mwanza, ku Kisumu ndi ku Jinja kunamangidwa mafakitale otumiza minofu ya sangara ku Ulaya. Koma mayi amene ankayanika tinsomba padzuwa n'kudyetsa ana ake anatsala ndi mitu ndi minga zochokera kufakitale, ndipo popeza sangara ndi wamafuta, sauma ndi dzuwa, anthu anayamba kugwetsa mitengo yowambira. Chimene ndimafuna anthu aone pankhaniyi ndi zaka makumi awiri za bata zija. Amene anaponya nsombazo ambiri anapuma pantchito akudziona ngati anathandiza.

Kwinako ndi ku Zambia komwe timasirirako. M'nyanja ya Kariba munali tilapiya yakeyake ya chigwa cha Zambezi, Oreochromis mortimeri, ndipo ndiyo inkadzaza maukonde. Ya ku Nile inathawa m'malo oweteramo nsomba m'zaka za m'ma 1990. Lero bungwe loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN linaika ya eni malo ija m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Mu Kafue namonso ya ku Nile yasakanizika ndi tilapiya ya kumeneko. Choncho wina akamati ku Zambia zikuyenda bwino, n'zoona kumbali ya makhola a nsomba a ku Siavonga ndi amene ali ndi masheya mmenemo. Mtengo wake unalipiridwa ndi nsomba imene sibweranso.

Tsono kusiyana kwake n'kwakuti Kariba ndi damu lomangidwa ndi anthu, lotsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko lapansi, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina. N'chifukwa chake UNESCO inaika paki ya ku Cape Maclear m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1984.

Mwina mukuti, nanga ife a ku Mchinji, amene ena mwa ife nyanjayo sitinaionepo, zikutikhudza bwanji? Tayang'anani mapu. Malire a Malawi ndi Zambia chigawo chino sanalembedwe mwachisawawa. Atsamunda anatsata mtunda umene umagawa madzi. Mvula yogwa mbali ya ku Chipata imatsikira ku Luangwa n'kukathira mu Zambezi. Yogwa mbali yathu imalowa mu Rusa, mu Ludzi ndi timitsinje tina, n'kukumana mu Bua, ndipo Bua amadutsa m'malire a Kasungu, n'kulowa m'nkhalango ya Nkhotakota mpaka kukathira m'nyanja. Ndi mtsinje womwewu umene mpasa zimakwera nthawi ya dzinja kukaswa. Kumwera nako chilengedwe chinatseka: nsomba za mu Zambezi zimatha kukwera Shire mpaka ku Chikwawa, koma mathithi a Kapichira ndi anzake a kumtunda zimalephera kuwalumpha. Ndiye kuti kwa zaka zosawerengeka nyanja yathu yakhala yotchingidwa, ndipo nsomba zake zinasanduka mitundumitundu popanda wozisokoneza. Nsomba ya ku Nile singakwere phiri la Mchinji. Singalumphe Kapichira. Njira yokhayo imene ili nayo chigawo chino ndi chigubu cha madzi chomangidwa pakaliyala ya njinga, kapena jumbo ya pulasitiki m'chikwama cha munthu wochokera ku Chipata. Ndipo tonse tikudziwa kuti si onse amene amadzera pachipata cha Mwami. Njira zam'tchire zimene zimadutsa feteleza, shuga ndi chimanga zikhoza kudutsanso ana a nsomba.

Wina adzati, damu langa n'lotchingidwa bwino, nsomba zanga sizituluka. Madamu athu ambiri ali m'madambo, chifukwa ndi mmene muli madzi. Mvula ya Januwale kapena Febuluwale ikagwa usiku wonse, dambo lonse limasanduka mtsinje umodzi, ndipo mlimi aliyense wa nsomba amadziwa mnzake amene anadzuka n'kupeza khoma ladumuka. Ngakhale popanda chigumula, pokolola timatsegula madzi kuti aphwe, ndipo tiana tosaoneka bwino ndi maso timatsetsereka ndi madziwo. Palinso chizolowezi chathu chabwino chogawana mbewu: mnzako akayamikira nsomba zako umamutungira m'chidebe. Ogulitsa ena amati mbewu yawo ndi yaimuna yokhayokha, yosinthidwa ndi mankhwala, ndiye singaswane. Njira imeneyi siisintha zonse, mumatsala zazikazi zingapo. Komanso yaimuna yothawira mu Bua ikakumana ndi makumba aakazi, nkhani ya kusakanizika ija yayamba.

Kuti madzi a kuno amafika kutali tinaziona mu 2020, pamene nsomba za mu Bua ndi Rusa zinayamba kufa ndi zilonda zofiira, boma n'kuletsa usodzi ndi malonda a nsomba za m'mitsinjeyi. Matendawa, amene akatswiri amawatchula mwachidule kuti EUS, amayamba ndi nkhungu ya m'madzi imene inadziwika koyamba ku Japan mu 1971 ndipo inafika mu Chobe ndi Zambezi cha m'ma 2006. Amayenda ndi nsomba zamoyo zosamutsidwa, maukonde onyowa ndi madzi osefukira. Sanathere ku Mchinji, anatsika ndi mtsinje kumaboma ena. Anthu amene amadalira milamba ndi matemba a m'dambo ngati ndiwo anaona okha kuti chinthu chochokera kutsidya la nyanja zamchere chikhoza kuwalanda chakudya pakhomo.

Mtsutso umene ndimauona wolemera kwambiri ndi wina. Mu 2013 akatswiri ofufuza za nsomba analengeza kuti apeza tilapiya ya ku Nile m'madera a ku Tanzania amene madzi ake amathira m'nyanja ya Malawi. Ndiye ena amati, poti yalowa kale kumpoto, ife tikudzimaniranji? Chambonso chatha kale ndi makoka ndi maukonde a udzudzu, tikuteteza chiyani? Zoti chambo chachepa n'zoona, ndipo olakwa ndife tomwe, osati nsomba yachilendo. Koma chambo chochepa chifukwa cha usodzi chikhoza kubwerera ngati nyengo yotseka nyanja ikulemekezedwa. Anthu a kwa Makanjira ku Salima akhala akutseka madzi ozungulira chilumba cha Mbenje chaka ndi chaka kuyambira kalekale, ndipo nsomba kumeneko zilipo. Chambo chosakanizika mtundu sichibwerera ngakhale mutatseka nyanja zaka zana. Kachiwiri, kuti chamoyo chachilendo chikhazikike zimadalira kwambiri kuchuluka kwake ndi kangati chaponyedwa. Zambiri zimene zimathawa zimafa zisanaswane. Nsomba zochepa kumpoto kwa nyanja yotalika makilomita oposa 500 n'zosiyana ndi madamu mazanamazana m'mitsinje ya Bua, Dwangwa ndi Linthipe akutaya ana m'nyanja dzinja lililonse. Zimene zinachitika ku Tanzania ndi chifukwa choti maiko atatu a m'mbali mwa nyanjayi akhale pansi, osati chilolezo choti nafenso titsegule.

Apa ndiye ndiyenera kutembenukira boma, chifukwa kuletsa kokha popanda kupereka china ndi nkhanza, ndipo lamulo lotere anthu amalizembera. Tilapiya imene tikuisirirayi sinabadwe yokula msanga chonchi. Mtundu wotchuka wa GIFT unayamba kupangidwa ku Philippines mu 1988, posankha nsomba zokula bwino n'kuziswetsa, mbadwo ndi mbadwo, monga mmene amachitira ndi nkhuku zachizungu. Kuyerekeza nsomba yosankhidwa kwa zaka zoposa makumi atatu, yodya chakudya chakufakitale, ndi makumba otoledwa kwa mnansi, oswana pachibale m'damu limodzi kwa zaka zambiri, odya madeya okha, si mpikisano wachilungamo. Ntchito yosankha makumba okula msanga inayambika ku Domasi ndipo a ku Bunda akhala akuchita kafukufuku wa nsomba zathu. Funso n'lakuti mbewu imeneyo ikufika liti kwa mlimi wa ku Mkanda kapena ku Kapiri? Munthu wa kuno akafuna mbewu yodalirika, Chipata ali pafupi kuposa Zomba. Ngati boma likufunadi kuti lamulo ligwire ntchito, malo oswetsera makumba ndi chilunguni ayenera kukhala m'boma lino lomwe, ndipo mtengo wake ukhale woti munthu asaganizenso zooloka malire.

Chakudya nachonso. Zimandipweteka kuona malole a soya akuchoka pa Kamwendo ndi pa Waliranji nthawi yokolola pamtengo wolira, pamene alimi a nsomba kwa zaka zambiri akhala akuitanitsa chakudya choyandama kuchokera ku Zambia, chopangidwa ndi soya ndi chimanga chomwecho. Makumba odya bwino, osathithikana, m'damu lakuya bwino, amasiyana kutali ndi aja okwana pachikhatho. Nthawi zambiri nsomba zimapinimbira chifukwa zaswana mopitirira m'damu, ndipo ya ku Nile nayonso ikasiyidwa choncho imapinimbira chimodzimodzi. Amene angaibweretse mozemba n'kumaipatsa madeya adzakhumudwa, koma pofika nthawiyo ana ake adzakhala ali mu Rusa.

Mabungwe amene amabwera ndi mapulojekiti nawonso asamale. Tinalandirapo deliya ngati manyowa obiriwira, lero taonani mmene wadzadzira m'mbali mwa misewu ndi mitsinje. Lantana anabwera ngati duwa la mpanda, pano ndi chitsamba chotseka msipu chimene chimadwalitsa ng'ombe chiwindi. Onsewa anabwera ndi anthu a mtima wabwino. Aliyense wogawa mbande kapena mbewu ya nsomba azifunsidwa ndi mafumu asanatsitse katundu: chinthuchi chikathawa m'manja mwathu, chidzachiletsa n'chiyani, ndipo adzachichotse ndani? Ngati yankho palibe, katunduyo abwerere.

Nsomba ya ku Kariba yakufa, youmitsidwa m'firiji, ine ndilibe nayo mlandu. Ofuna kugula agule, adye. Mlandu uli pa yamoyo.

Ndipo kuizindikira sikovuta kwenikweni ikakulako. Igwireni muyang'ane chipsepse cha kumchira: ya ku Nile ili ndi mizere yakuda yoimirira, yondondozana bwinobwino kuyambira patsinde mpaka kunsonga. Makumba alibe mizere yotere, ndipo pachipsepse cha pansi chakumchira amakhala ndi minga inayi pamene ya ku Nile ili ndi itatu. Chilunguni chimadziwika ndi kufiira kwa pachifuwa. Ana aang'ono kwambiri ndi ovuta kusiyanitsa, ndiye wogula mbewu afunse kumene yachokera, ndipo ngati wogulitsa akuzungulira kapena akungoti ndi "yachizungu yokula msanga", asaithire m'damu. Amene wapeza kale ya mizere kumchira m'damu lake asatsegulire madzi kudambo. Aitane mlangizi wa za nsomba, akolole zonse, ndipo damulo liphwetsedwe mosefa madzi, lithiridwe laimu, liume mpaka pansi pang'ambike asanaikemo zina.